Jazi ya 1959: Ulemu Ufikenso kwa Oyimba a Kumbuyo

Okonda nyimbo za jazi sachedwa kutsutsana. Afunseni kuti woliza lipenga wamkulu anali ndani, dzuwa lidzalowa nkhani isanathe. Koma mukatchula chaka cha 1959 ambiri amavomerezana, kenaka n'kuyamba kuwerenga zimbale pa zala: Kind of Blue cha Miles Davis, Mingus Ah Um cha Charles Mingus, The Shape of Jazz to Come cha Ornette Coleman ndi Time Out cha Dave Brubeck. Ena amawonjezerapo Giant Steps cha John Coltrane, chomwe chinajambulidwa chaka chomwecho ngakhale chinafika m'masitolo kumayambiriro kwa 1960. Ife sitikutsutsa. Zimbalezi n'zoyenera ulemu wonse umene zimalandira, ndipo zaka zoposa 60 zadutsa zisanasukuluke. Chotidandaulitsa n'chakuti ulemuwo umathera pa mayina asanu olembedwa ndi zilembo zikuluzikulu pachikuto, pomwe mukatembenuza zikutozo n'kuwerenga tizilembo ta kumbuyo mupeza oyimba ena 20. Lero tikuyamika atsogoleri asanuwo, koma makamaka tikuyamika 20 enawo.

Kuti kukula kwa ntchito yawo kuoneke, tiyambe ndi mmene jazi imayimbidwira. Nyimbo imakhala ndi mutu wake, womwe gulu limauyimba poyamba ndi pomaliza. Pakatipo aliyense amapatsidwa danga loti apeke zake pompopompo. Sapeka m'malere ayi: pansi pake piyano ndi bezi zimakhala zikuyendetsa makodi, omwe amasinthasintha motsatira dongosolo la nyimboyo, ndipo wang'oma amagwira liwiro. Wopekayo angakhale katswiri chotani, apansiwo akawodzera nayenso wagwa. M'zaka za m'ma 1940 Charlie Parker ndi Dizzy Gillespie anabweretsa chamba cha bebop, chothamanga, cha makodi osintha pafupipafupi. Parker anamwalira mu Malichi 1955 ali ndi zaka 34, n'kusiya anyamata ochuluka akuyimba motengera iye. Pofika 1959 achinyamata ambiri a ku America anali atatengeka ndi Elvis Presley ndi anzake, ndipo a jazi anatsala ndi funso lovuta: kuchoka pa Parker, tilowere kuti? Mwayi womwe anali nawo unali wa zimbale zazitali za LP, zolola mphindi pafupifupi 20 mbali imodzi m'malo mwa mphindi zitatu za zimbale zakale. Woyimba tsopano akanatha kulankhula mpaka kumaliza zimene akufuna kunena.

Davis anasankha kuchepetsa. Pa 2 Malichi anasonkhanitsa gulu lake m'tchalitchi chakale pa 30th Street ku New York, chomwe kampani ya Columbia inachisandutsa situdiyo chifukwa mawu ankamveka bwino pansi pa denga lake lalitali. Anabwereranso pa 22 Epulo, ndipo masiku awiriwo anakwanira. Maganizo ake anawatenga kwa George Russell, yemwe mu 1953 anatulutsa buku lonena za kupeka nyimbo potsatira masikelo, ndipo anali atawayesapo kale mu 1958 pa nyimbo ya Milestones. M'malo mwa makodi othamangitsana, woyimba apatsidwe sikelo imodzi, akhalemo nthawi yaitali. Nyimbo yotsegulira chimbale, So What, ili ndi timagawo 32: pa 16 toyamba sikelo ndi imodzi, pa 8 totsatira imakwera pang'ono chabe, pa 8 totsiriza imabwerera pomwe inali. Basi. Pongomva zikuoneka zophweka, koma ukachotsa makodi wachotsa pobisala. Amene ankadalira kuthamangitsa zala pa njira yoloweza pamtima tsopano ayenera kupeka nyimbo yeniyeni, yoti munthu n'kuyimba mluzu.

Tsono mverani amene akutsogolera mutu wa So What. Si lipenga la Davis, si sakisofoni ya Coltrane kapena ya Cannonball Adderley. Ndi bezi ya Paul Chambers, mnyamata wa zaka 23 wokulira ku Detroit. Iye amaponya, anzake n'kuvomera ndi manotsi awiri okha, monga mmene pamtondo mayi mmodzi amaponyera nyimbo ena n'kupolokozera. Masiku amenewo bezi inali chida choyimikidwa kumbuyo kuti chizingoponda phazi, ndiye kuipatsa mutu wa nyimbo yoyamba pachimbale kunali kumukhulupirira mnyamatayo kwambiri. Mutu ukatha, Jimmy Cobb amamenya chinganga chake chamkuwa kamodzi mwamphamvu, mawuwo n'kumazilala pang'onopang'ono pomwe Davis akulowa. Cobb anadzanena pambuyo pake kuti pa nthawiyo ankaopa kuti wamenya mopyola muyeso. Omvera ambiri amati pamenepo m'pomwe chitseko cha chimbale chonse chimatsegukira, ndipo ife tikugwirizana nawo.

Pali nthano yoti gululi linangolowa m'situdiyo n'kuyimba chilichonse kamodzi kokha. Zoona zake n'zakuti ankayamba, kulakwitsa, kuima ndi kuyambiranso. Koma pa nyimbo zinayi mwa zisanu, ulendo woyamba umene anafika kumapeto ndi womwe uli pachimbale. Davis sanawapatse nthawi yokonzekera, anangowaonetsa timapepala ta masikelo pompo. Anatha kutero chifukwa ambiri mwa anthuwa anali atayimbira limodzi usiku ndi usiku m'makalabu odzaza utsi wa fodya, kufikira aliyense atadziwa mpweya wa mnzake. Wynton Kelly, yemwe ndiye anali wapiyano wa gululo pa nthawiyo, atafika anapeza pa mpando wake pali Bill Evans, amene anali atachoka m'gulumo miyezi ingapo m'mbuyomo koma Davis anamuitananso chifukwa cha chimbale chimenechi. Kelly anayimba nyimbo imodzi yokha, Freddie Freeloader, ndipo anaiyimba mokoma ngati palibe chomwe chamuwawa. Kudzichepetsa kotere sikulembedwa kawirikawiri m'mabuku a mbiri.

Nkhani ya Evans ili ndi kachilema komwe sitiyenera kukabisa. Nyimbo ya Blue in Green inalembedwa pachikuto kuti ndi ya Davis yekha, pomwe Evans ankanenetsa kuti anaipeka ndi iye, ndipo ambiri odziwa kayimbidwe kake amamukhulupirira. Atadzaijambulanso pa 28 Disembala chaka chomwecho, ndi Scott LaFaro pa bezi ndi Paul Motian pa ng'oma, mayina onse awiri anaikidwapo. Davis mwiniwake, m'buku la moyo wake la 1989, ananena chinthu chodabwitsa: chimbale chomwe dziko lonse limachitama, kwa iye sichinafike pomwe ankafuna. Anali ataonera gulu la magule la Les Ballets Africains la ku Guinea, kalimba yomwe anaimva kumeneko inamukhala m'mutu, ndipo ankafuna kuti kulira kwake kumveke m'nyimbozi. Anati zinamukanika. Kukanika kwake kwagulidwa makope oposa 5 miliyoni ku America kokha.

Patangotha masiku 12 chijambulireni gawo lomaliza la Kind of Blue, Coltrane analowa m'situdiyo ya Atlantic n'kutenga njira yosemphana kotheratu. Komwe Davis anachotsa makodi, iye anawaunjika. Nyimbo ya Giant Steps ili ndi makodi 26 m'timagawo 16, imadumpha pakati pa makiyi atatu otalikirana, ndipo imathamanga pafupifupi magunda 300 pa mphindi. Coltrane anali ataiphunzira kwa nthawi yaitali kunyumba. Wapiyano Tommy Flanagan, katswiri wolemekezeka, sanadziwe kuti idzathamanga chotero. Danga lake litafika amamveka akupapasa, kuima, kuyesanso, mapeto ake n'kungogwira makodi mpaka Coltrane atabwereranso ngati mphepo yamkuntho. Ophunzira nyimbo akhala akuseka malo amenewo kwa zaka zambiri. Ife tikuona kuti pamenepo Flanagan ndi woyenera kumuvulira chipewa: sanaimitse nyimbo, sanataye kugunda, analola kuti kupunthwa kwake kumveke kwa dziko lonse kuti ntchito ya mnzake ituluke. Mu 1982 anajambula chimbale chathunthu chokumbukira Coltrane, ndipo Giant Steps anaiyimba bwinobwino kuyambira poyamba mpaka pomaliza.

Pa bezi tsiku limenelo panali Chambers yemwe uja. Ndiye kuti mnyamata mmodzi, m'milungu iwiri, anasenza nyimbo zodekha zedi ndi imodzi mwa nyimbo zothamanga kwambiri za chakacho. Coltrane anazindikira zimenezi, ndipo nyimbo yotsekera chimbale anaitcha Mr. P.C., zilembo zoyamba za dzina la Chambers. Mayina ena pachimbalepo ndi a kunyumba: Naima mkazi wake, Syeeda mwana wopeza, Mary msuweni wake. Wabezi anamuika pa mndandanda wa abale.

Tsiku lotsatira chiyambireni Coltrane, pa 5 Meyi, m'tchalitchi chija cha Columbia munalowa Charles Mingus ndi anthu ake. Mingus anali wabezi, wopeka nyimbo, ndiponso munthu wa mtima wapachala. Mu 1962 anamenya Jimmy Knepper, woliza trombone pachimbale chomwechi, mpaka kumugulula dzino, zomwe zinasokoneza kalizidwe kake kwa nthawi yaitali. Sitikuyamika zimenezo. Tikuyamika kaphunzitsidwe kake. Nthawi zambiri sankapatsa oyimba mapepala. Ankawayimbira gawo lawo pakamwa kapena pa piyano mpaka alilowetse m'mutu, pofuna kuti aliyense aliyimbe ngati lake. Zotsatira zake zimamveka pa Better Git It in Your Soul, nyimbo yochokera m'mapemphero omwe ankawamva ali mwana ku Watts, ku Los Angeles: kuwomba m'manja, kufuula, sakisofoni ya Booker Ervin ikulalikira. Wang'oma Dannie Richmond poyamba anali wa sakisofoni, ndipo anakhala ndi Mingus zaka zoposa 20, chinthu chomwe odziwa mkwiyo wa bwana wakeyo amachiwerengera ngati chozizwitsa. Wapiyano Horace Parlan anadwala poliyo ali mwana, zala zina za dzanja lamanja n'kupuwala. Anadzipangira kayimbidwe kakekake kodalira dzanja lamanzere, ndipo kulemera kwa dzanja limenelo n'komwe kumapatsa chimbalechi fungo la tchalitchi.

Nyimbo ziwiri za pamenepo zikutiuza za dziko lomwe anthuwa ankakhalamo. Goodbye Pork Pie Hat ndi maliro a Lester Young, wa sakisofoni amene anamwalira pa 15 Malichi ali ndi zaka 49, maola ochepa atabwerako ku Paris, m'chipinda cha hotela yoyang'anizana ndi kalabu ya Birdland. Fables of Faubus ndi chitonzo kwa Orval Faubus, bwanamkubwa wa chigawo cha Arkansas, amene mu 1957 anaika asilikali pakhomo la sukulu ya sekondale ku Little Rock kuti ana 9 akuda asalowe. Pachimbale cha Columbia nyimboyi ilibe mawu. Mawu ake, omwe Mingus ndi Richmond amafunsana ndi kuyankhana motukwana bwanamkubwayo, anadzajambulidwa mu 1960 pansi pa kakampani kakang'ono ka Candid. Komabe ngakhale popanda mawu, kayendedwe kotsimphina ka malipenga kamakwanira kumuvula munthu ulemu.

Wovuta kumuyamika kwa omvera ambiri ndi Ornette Coleman, ndipo tisanamizane: ukamumva koyamba umayesa kuti sakisofoni yake yawonongeka. Anabadwira ku Fort Worth, ku Texas, mu 1930. Mu 1949 ku Baton Rouge anthu osakondwa ndi kayimbidwe kake anamumenya n'kumuphwanyira chida. Ku Los Angeles ankagwira ntchito yoyendetsa chikepe m'sitolo yaikulu, ndipo akakwera pa nsanja usiku oyimba ena ankatsikapo. Anagula sakisofoni yoyera ya pulasitiki chifukwa yachitsulo inali yodula. Chimbale chake, chojambulidwa pa 22 Meyi ku Hollywood, chilibe piyano n'komwe, ndipo mutu ukatha palibe dongosolo la makodi lomangirira aliyense. Davis anachepetsa makodi, Coltrane anawachulukitsa, Coleman anawataya.

Apa ndiye ntchito ya akumbuyo ikuonekera poyera. Popanda mapu, wabezi Charlie Haden, mnyamata wa zaka 21 wokulira m'banja loyimba nyimbo za akumidzi pa wailesi, ankayenera kumva komwe Coleman akukhotera n'kuyala njira pansi pake nthawi yomweyo. Billy Higgins pa ng'oma ndi Don Cherry pa kalipenga kake kakang'ono anali atathera nthawi yaitali akuyeserera ndi Coleman popanda wowalipira. Pa Lonely Woman ng'oma zimathamanga, bezi ikukoka pang'onopang'ono, malipenga awiri akulira pamwamba osamangika ku liwiro lililonse, koma zonse n'kugwirana. Zotere sizichitika mwangozi. Gululi litafika ku kalabu ya Five Spot ku New York pa 17 Novembala, mzinda unagawikana. Leonard Bernstein anatama Coleman. Akuluakulu monga Roy Eldridge anati akunamiza anthu. Davis nayenso anamunyoza. A kalabuyo anawalemba milungu iwiri, anakhala milungu khumi. Tiyamikenso John Lewis wa gulu la Modern Jazz Quartet, munthu wa nyimbo zaulemu ndi masuti osita bwino, yemwe kayimbidwe kake kanali kutali zedi ndi ka Coleman koma anamulankhulira ku Atlantic kuti amujambule. Mu 2007 Coleman analandira mphoto ya Pulitzer.

Pa Brubeck tidutsa mofulumirapo, chifukwa ndalama ndi kutchuka zinamuyamika kale. Mu 1958 boma la America linatumiza gulu lake ku Poland, Turkey, India, Pakistan, Afghanistan, Iran ndi Iraq. Ku Istanbul anamva oyimba a mumsewu akuwerenga magunda 9 mogawa awiri, awiri, awiri, atatu, ndipo pa mawerengedwe amenewo anamangapo Blue Rondo à la Turk. Jazi yambiri imawerengedwa mpaka 4. Take Five imawerengedwa mpaka 5. Ogulitsa a ku Columbia sanafune chimbale choti anthu sangavine, olemba ena m'magazini anachinyoza chitatuluka mu Disembala, koma pofika 1961 chinali chitakwera pa nambala 2 pa mndandanda wa zimbale zogulidwa kwambiri. Mwa zisanu zija, ife timachiona kuti ndi chopepukirapo, ndipo dzanja la Brubeck nthawi zina limalemera ngati akukhoma misomali. Chomwe timamupatsira ulemu wosachotsera ndi nkhani ya Eugene Wright, wabezi wake, munthu wakuda yekhayo m'gululo. Kumayambiriro kwa 1960 makoleji oposa 20 a kum'mwera kwa America anati adzalandira gululo pokhapokha Wright atasiyidwa. Brubeck anakana, ndalama zambiri n'kupita.

Nyimbo imodzi sachezera gule, ndipo ubwino wa 1959 ndi womwewo: anthuwa, ena obwerekana oyimba, ena onyozana poyera, anayankha funso limodzi m'njira zosiyana ndipo palibe yankho lomwe linapha linzake. Koma tikamasimba zokoma zokhazokha tikhala tikunama. Kuti munthu ayimbe pamalo aliwonse ogulitsa mowa ku New York ankayenera kukhala ndi chiphaso chochokera kupolisi, chodinda zala, ndipo apolisi ankatha kuchilanda. Billie Holiday anachitaya mu 1947 atamangidwa pa mlandu wa mankhwala ozunguza bongo, ndipo mpaka imfa yake makalabu a mzindawo anali otsekedwa kwa iye. Mu Juni 1959 anamangidwanso ali gone pabedi m'chipatala, wapolisi n'kuikidwa pakhomo la chipinda chake. Anamwalira pa 17 Julayi ali ndi zaka 44, miyezi inayi pambuyo pa Lester Young, bwenzi lake lomwe linamupatsa dzina loti Lady Day. Thelonious Monk nayenso chiphaso chake chinali cholandidwa. Konsati yake yotchuka ya pa 28 Febuluwale, ya gulu la anthu khumi, inachitikira mu holo ya Town Hall momwe chiphasocho sichinkafunika. Ndipo pa 25 Ogasiti, masiku 8 chitulukireni Kind of Blue, Davis ataperekeza mayi wachizungu kukakwera takisi anaima panja pa Birdland kuti apume. Wapolisi anamuuza kuti achokepo. Iye analoza dzina lake pachikwangwani cha kalabuyo. Anamumenya m'mutu, magazi n'kuyenderera pa jekete, kenaka anamumanga ndi kumulanda chiphaso. Khoti linadzamupeza wosalakwa. Lamulo la ziphasolo linathetsedwa mu 1967.

Mndandanda wa zimbale zisanu uja uli ndi vuto linanso: pa anthu 25 mulibe mkazi ndi mmodzi yemwe. Chonsecho pa 4 Meyi, tsiku lomwe Coltrane ankajambula Giant Steps, pa mwambo woyamba wa mphoto za Grammy, Ella Fitzgerald anatenga ziwiri, ndipo chaka chomwecho anajambula nyimbo 59 za George ndi Ira Gershwin pa zimbale zisanu. Nina Simone anatchuka chaka chimenecho. Dinah Washington anagulitsa kuposa amuna ambiri omwe tawatchula. Melba Liston, woliza trombone ndiponso wolemba magawo a zida zonse za gulu lalikulu, anali m'gulu lomwe Quincy Jones anapita nalo ku Ulaya kumapeto kwa chaka. Osankha zimbale zazikulu anazolowera kuyesa jazi ndi sakisofoni ya mwamuna, ndipo muyeso umenewo ndi woperewera.

Muyesowo umapereweranso ukathera pa mtsinje wa Hudson ku New York. Ku London, Ronnie Scott ndi Pete King anatsegula kalabu yawo m'chipinda chapansi pa Gerrard Street pa 30 Okutobala, ndipo dzinalo likadalipo. Ku Johannesburg, pa 2 Febuluwale, mu holo yaikulu ya yunivesite ya Witwatersrand munayamba sewero la nyimbo la King Kong, lonena za wankhonya Ezekiel Dlamini. Nyimbo zake anapeka Todd Matshikiza, mbali zazikulu anatenga Miriam Makeba ndi Nathan Mdledle, ndipo pa zida panali Kippie Moeketsi, Jonas Gwangwa ndi Hugh Masekela. Osewera onse anali akuda, owonera anali osakanikirana, m'dziko lomwe boma linali likumaliza kugwetsa dera la Sophiatown. Chaka chisanathe Makeba anali ku New York, ndipo mu 1960 atafuna kubwerera kumaliro a mayi ake anapeza pasipoti yake yafafanizidwa. Moeketsi, Gwangwa ndi Masekela anagwirizana ndi wapiyano Dollar Brand, yemwe pano timamudziwa kuti Abdullah Ibrahim, wabezi Johnny Gertze ndi wang'oma Makaya Ntshoko n'kupanga gulu la Jazz Epistles. Chimbale chawo cha mu Januwale 1960 anachisindikiza makope 500 okha. Pa 21 Malichi apolisi anapha anthu ochita zionetsero ku Sharpeville, misonkhano inaletsedwa, gululo n'kubalalika. Ambiri anathawira kunja n'kukatchuka. Moeketsi, yemwe anzakewo ankamutenga ngati mphunzitsi wawo, anapita ndi sewero la King Kong ku London koma anabwerera kwawo, ndipo anamwalira ali mphawi mu 1983. Nkhani ya ku Joni imeneyi si yachilendo kwa ife: m'makomboni omwewo m'momwe amuna opita pa Wenela ankagula magalamafoni ndi zimbale zobwera nazo kumudzi, ndipo kwela ya tizitoliro ta chitsulo, m'bale wake wa jazi ya kumeneko, inadzamera ku Chileka m'manja mwa Daniel ndi Donald Kachamba.

Nanga a kumbuyo aja anapindulanji? Dongosolo linali lakuti woyimba wothandizira amalandira malipiro a tsiku lojambulalo monga mwa mulingo wa bungwe la oyimba, nkhani n'kuthera pomwepo. Chimbale chigulidwe makope 500 kapena 5 miliyoni, kwa iye n'chimodzimodzi. Ndalama zobwera chaka ndi chaka zimatsata mwini chimbale ndi amene dzina lake lalembedwa kuti ndiye wopeka, n'chifukwa chake dandaulo la Evans silinali la ulemu wokha. Chambers anamwalira mu Januwale 1969 ndi chifuwa chachikulu ali ndi zaka 33, thupi litafooka ndi mowa ndi mankhwala. Kelly anatsatira mu 1971 ali ndi zaka 39. Cobb anakhala nthawi yaitali kuposa onse a pa Kind of Blue, akuyimbabe ndi kuphunzitsa, koma kumayambiriro kwa 2020 banja lake linachita kupempha thandizo pa intaneti kuti alipire zachipatala. Anamwalira mu Meyi chaka chomwecho ali ndi zaka 91.

Masiku ano vutoli lakula mwanjira ina. Nyimbo ikabwera pa foni imabwera ndi dzina limodzi ndi kachithunzi, chikuto chakumbuyo kulibe. Owulutsa mawu pa wailesi amene amaika nyimbozi m'mapulogalamu a usiku angatithandize potenga masekondi khumi kutchula amene ali pa bezi ndi pa ng'oma, ndipo aphunzitsi a nyimbo angauze ophunzira kuti ulendo wina amvere Chambers yekha kuyambira poyamba mpaka pomaliza, malipenga awaleke. Angayambire pa Take Five, yomwe ambiri amaiyesa ya Brubeck. Anaipeka ndi Paul Desmond, wa sakisofoni, ndipo popeza dzina lake linalembedwa, atamwalira mu 1977 ndalama za nyimboyo anazisiyira bungwe la Red Cross la ku America, lomwe lakhala likuzilandira kuyambira pamenepo. Koma kugunda kwa 5 komwe nyimboyo inamangidwapo kunachokera kwa Joe Morello, wang'oma wosaona bwino chibadwire, amene ankakonda kukuyimba pa makonsati mpaka Brubeck anapempha Desmond kuti apekepo mutu. Gawo lalitali la pakati pa nyimboyo ndi la ng'oma zake, Brubeck ndi Wright akungomugwirira pansi kuti anthu asasochere powerenga. Pa mayina a opeka, la Morello palibe.